Kodi magulu a aphunzitsi a pa masamba a mchezo amathandizadi pophunzitsa ndi zipangizo zamakono?

Mphunzitsi wa Sayansi analemba kuti:

Moni nonse, aphunzitsi anzanga. Ndabwera ndi nkhani imene yakhala ikundisowetsa mtendere kwa miyezi ingapo tsopano, ndipo ndikupempha kuti amene munadutsamo kale mundiunikire.

Ndimaphunzitsa sayansi kusekondale ndipo ndatha zaka 11 ndili pa ntchitoyi. Chaka chatha sukulu yathu inalandira pulojekita imodzi, malaputopu awiri ndi matabuleti 20, ndipo tinachita maphunziro a masiku atatu a kagwiritsidwe ntchito kake. Pa masiku atatuwo zonse zinkaoneka zosavuta chifukwa wotiphunzitsayo anali nafe pomwepo, koma atangochoka ndinazindikira kuti zimene ndadziwa ndi kuyatsa zipangizo ndi kutsegula mapulogalamu, pamene chochita nazo pamaso pa ana 60 m'mphindi 40 sindikuchidziwa. Ndayesapo kanayi. Ulendo woyamba theka la nthawi linathera pa kulumikiza pulojekita. Ulendo wina ndinaonetsa kanema wofotokoza kayendedwe ka magetsi m'mawaya, ndipo ana anaonerera ali chete ndi mwachidwi, koma nditawapatsa mafunso sabata yotsatira, mayankho awo sanasiyane ndi a anzawo amene ndinawaphunzitsa mutu womwewo ndi choko chokha. Ambiri ankanenabe kuti babu yoyamba imadya magetsi ambiri n'kusiyira yachiwiri otsala.

Nditadandaula, mnzanga wina anandilowetsa m'magulu atatu a aphunzitsi a pa WhatsApp ndi limodzi la pa Facebook, n'kundiuza kuti thandizo lonse lili kumeneko. Ndakhalamo miyezi inayi. Mauthenga amafika mazanamazana pa tsiku, koma ochuluka amakhala a moni, a malonda, mapepala a mayeso akale, ndi malinki amene munthu amangoponya popanda kunena chimene iye mwini anapindula nawo. Foni yanga yadzaza ndi mafayilo amene sindinatsegule. Sindinalembemo kalikonse, ndipo chifukwa chake ndinene mosabisa: ndimachita manyazi kufunsa funso limene achinyamata amene angoyamba kumene ntchito angaone ngati lachibwana, pamene ine ndine wamkulu wa gawo la sayansi pasukulu yathu.

Chimene ndikufuna kudziwa n'chakuti, kodi pali mphunzitsi amene anganene ndi mtima wonse kuti gulu la pa masamba a mchezo linasintha kaphunzitsidwe kake m'kalasi, osati kungomupatsa mafayilo? Ngati alipo, zinayenda bwanji, ndipo ine ndikulakwitsa pati? Ngati palibe, ndi bwino ndidziwe kuti nthawi ndi bandulo zimene ndikutayira kumeneko ndizigwiritse ntchito ina.

Mayi wa Masamu anayankha kuti:

Aphunzitsi, zikomo chifukwa chofotokoza momasuka chonchi. Ine ndine mmodzi wa amene anganene kuti gulu linasintha kaphunzitsidwe kanga, koma silinatero pa nthawi imene ndinkangowerenga, ndipo silinali gulu lalikulu.

Ndinayamba kugwiritsa ntchito GeoGebra pophunzitsa magirafu. Pulogalamu imeneyi, imene Markus Hohenwarter anaiyambitsa ali wophunzira payunivesite ya Salzburg, imalola kuti munthu asunthe kachizindikiro kosintha nambala imodzi mu ikweshoni, girafu n'kumasintha pomwepo aliyense akuona. Ndinkaikonda kwambiri, koma ndinkaigwiritsa ntchito ngati bolodi lojambula msanga basi. Ndinkaima kutsogolo, kusuntha nambalayo ndekha, kufotokoza zimene zikuchitika, ana n'kumagwedeza mitu. Pa mayeso sipankaoneka kusintha kulikonse, monga momwe inunso mwaonera.

Tsiku lina ndinalemba m'gulu la aphunzitsi a masamu, ndipo sindinafunse kuti "ndingagwiritse ntchito bwanji GeoGebra?" chifukwa funso lotere ndinali nditaona kuti limayankhidwa ndi malinki okhaokha. Ndinalemba msinkhu wa ana, chiwerengero chawo, kutalika kwa phunziro, chimene ndinachita kuyambira mphindi yoyamba mpaka yomaliza, ndi mayankho atatu olakwika amene anabwerezedwa kwambiri m'makope. Ndinamaliza ndi kufunsa kuti n'chifukwa chiyani ana amene anaona girafu ikutambasuka ndi kupanikizika ndi maso awo akulephera kunena chimene chichitike nambala ya kutsogolo kwa x² ikakhala negative, ndiko kuti yochepera ziro. Anayankha anthu anayi okha, koma mmodzi mwa iwo, mphunzitsi wa kudziko lina amene sindinakumanepo naye mpaka lero, anandifunsa funso limodzi limene linanditsegula maso: kodi ana analemba zimene akuganiza kuti zichitike ndisanasunthe nambalayo? Sanalembe, chifukwa sindinawafunse. Ndinkawapatsa yankho iwo asanamve kufunika kwa funso.

Sabata yotsatira ndinasintha chinthu chimodzi chokhacho. Ndisanakhudze kompyuta, mwana aliyense ankajambula m'kope lake girafu imene akuyembekezera, n'kuionetsa kwa mnzake wokhala naye, ndipo pokhapokha akatsutsana kaye m'pamene ndinkasuntha nambalayo. Kalasi inachita phokoso kuposa kale, koma linali phokoso la anthu amene akufuna kudziwa kuti walondola ndani. Ndinabwerera m'gulu muja n'kufotokoza zimene zinachitika, kuphatikizapo zimene sizinayende, monga kuti nthawi inandithera ndisanafike pa chitsanzo chachitatu. Kubwerera kumeneku n'kofunika kwambiri ndipo ambiri sachita. Munthu amene wakuthandizani akaona kuti malangizo ake anayesedwa m'kalasi yeniyeni, amakuyankhaninso mwa mtima wonse ulendo wina, ndipo ena amene amangowerenga amaphunzira kuti m'gulu muno n'zololedwa kunena kuti phunziro lalephereka.

Kuchokera pamenepo, ife asanu ndi awiri amene tinkayankhana kawirikawiri tinapanga kagulu kathu kapadera. Tili ndi lamulo limodzi lokha, lakuti aliyense wotumiza fayilo kapena linki anene kalasi imene anaigwiritsa ntchito ndi chimene chinachitika. Lamulo limeneli linachepetsa mauthenga kwambiri, moti sabata ina imatha ndi mauthenga khumi okha, koma ndimawawerenga onse.

Pa nkhani ya magetsi imene mwatchula, yesani PhET. Ndi ntchito ya yunivesite ya Colorado Boulder imene Carl Wieman anaiyambitsa mu 2002, ndi yaulere, ndipo muli pulogalamu yotchedwa Circuit Construction Kit mmene ana amalumikiza okha mabatire, mawaya ndi mababu, n'kuyeza magetsi pa malo alionse amene afuna. Imatheka kuikopera pa laputopu kamodzi n'kumaigwiritsa ntchito popanda intaneti. Kusiyana kwake ndi kanema n'kwakuti mwana amene amakhulupirira kuti babu yoyamba imadya magetsi angathe kuika choyezera babu isanafike ndi itadutsa, n'kuona yekha kuti nambala ndi imodzimodzi. Koma musaiwale kuwafunsa kuti alembe kaye zimene akuyembekezera.

Za manyazi, ndikumvetsa, pakuti inenso ndinali wamkulu kale pa ntchito pamene ndinafunsa funso loyamba. Chimene ndinapeza n'chakuti achinyamata amadziwa mabatani, koma inu mumadziwa kumene ana amasokonezeka pa mutu uliwonse, ndipo chidziwitso chimenecho chimatenga zaka kuti munthu achipeze. Mukalowa m'gulu muli ndi chopereka chimene iwo alibe.

Wophunzitsa Aphunzitsi anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi zimene amayi a masamu anena, ndipo ndikufuna kuwonjezera chifukwa chimene zinthu zimayendera motero, popeza ntchito yanga ndi yokonza maphunziro a aphunzitsi amene ali kale pa ntchito, kuphatikizapo a masiku atatu onga amene mwafotokozawa.

Zimene zakuchitikirani si zachilendo ndipo si umboni wa kulephera kwanu. Mu 1999, Peggy Ertmer anasiyanitsa mitundu iwiri ya zopinga zimene aphunzitsi amakumana nazo pa nkhani ya zipangizo zamakono. Mtundu woyamba ndi wa zopinga zochokera kunja kwa mphunzitsi, monga kusowa kwa zipangizo, nthawi, maphunziro ndi wokonza zikawonongeka. Mtundu wachiwiri ndi wa zimene zili mumtima ndi m'maganizo a mphunzitsi mwini, monga zimene amakhulupirira za mmene ana amaphunzirira, chizolowezi chake cha m'kalasi, ndi mantha ochita manyazi pamaso pa ana. Zopinga zoyambazo zimachotsedwa ndi ndalama ndi maphunziro aafupi, koma zachiwirizo sizichoka m'masiku atatu, chifukwa zimafuna kuti munthu ayese, alephere, akambirane ndi wina amene akumvetsa, n'kuyesanso. Apa m'pamene gulu la pa intaneti lingagwire ntchito imene maphunziro a kamodzi sangathe, pakuti limakhalapo Lachitatu madzulo pamene phunziro la mawa likukuvutani, wokuphunzitsani uja atapita kalekale.

Mayiko amene anagula zipangizo zambiri anaphunzira zimenezi mowawa. Dziko la Peru linagawa malaputopu mazana a zikwi a One Laptop per Child m'sukulu za pulayimale, koma kafukufuku amene Inter-American Development Bank inatulutsa mu 2012 sanapeze kukwera kwa zotsatira za ana pa masamu ndi pa chilankhulo, ngakhale kuti anawo anaphunzira kugwiritsa ntchito makompyutawo. Chipangizo pachokha sichiphunzitsa. Punya Mishra ndi Matthew Koehler, mu 2006, anafotokoza kuti mphunzitsi amafunika kudziwa zinthu zitatu molumikizana: phunziro lenilenilo, njira zophunzitsira, ndi chipangizo. Ganizo lawoli limadziwika ndi dzina lakuti TPACK, ndipo linamangidwa pa zimene Lee Shulman analemba mu 1986 zakuti kudziwa phunziro ndi kudziwa kuliphunzitsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mfundo yaikulu ya TPACK ndi yakuti zitatuzi sizingaphunziridwe padera n'kuziphatikiza pambuyo pake. Kudziwa kuyatsa tabuleti si kudziwa kuigwiritsa ntchito pochotsa ganizo lakuti babu imadya magetsi. N'chifukwa chake gulu la aphunzitsi onse a maphunziro onse silingakuthandizeni kwenikweni, pamene kagulu ka aphunzitsi a sayansi a ana a msinkhu womwewo kangathe.

Pali chinthu china chimene ndikufuna kunena poteteza miyezi inayi imene mwakhala mukungowerenga. Jean Lave ndi Etienne Wenger, mu 1991, anafotokoza mmene anthu amaphunzirira ntchito pokhala pakati pa amene amaigwira kale. Zina mwa zitsanzo zawo zinali za atelala a ku Liberia ndi azamba a ku Yucatan. Wophunzira utelala sayamba ndi kudula nsalu, koma amayamba ndi ntchito za kumapeto monga kusoka mabatani ndi kupinda m'mphepete, uku akuona akuluakulu akugwira ntchito, kenako amasunthira pakati pang'onopang'ono. Kukhala m'mbali n'kumaonerera ndi gawo la kuphunzira, bola pakhale chinthu choti munthu aone. Vuto la magulu amene mwalowamo si lakuti inu muli chete, koma lakuti palibe amene akugwira ntchito poyera kuti muonere.

Mungafunse chifukwa chake munthu angafune alendo a pa intaneti pamene ali ndi anzake m'chipinda cha aphunzitsi. Mark Granovetter anasonyeza mu 1973 kuti uthenga watsopano, monga wa kumene kukupezeka ntchito, umafika kwa munthu kawirikawiri kudzera mwa anthu amene amangodziwana nawo patali, kusiyana ndi kudzera mwa anzake apamtima, chifukwa anzake apamtimawo amadziwa zomwezo zimene iye akudziwa kale. Pasukulu panu nonse munachita maphunziro amodzimodzi ndipo mwina nonse mwaima pa malo amodzi. Mphunzitsi wa kutali uja amene anafunsa amayi a masamu funso limodzi anabweretsa chimene panalibe aliyense pasukulu pawo anali nacho. Aphunzitsi anazindikira mphamvu imeneyi kalekale: Steve Hargadon anayambitsa gulu la aphunzitsi la pa intaneti lotchedwa Classroom 2.0 mu 2007, zokambirana za #edchat pa Twitter zinayamba mu 2009 ndipo zinkachitika Lachiwiri lililonse, ndipo ku Ulaya eTwinning yakhala ikulumikiza sukulu za mayiko osiyanasiyana kuyambira mu 2005.

Komabe ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi chimene ndaona kambirimbiri. Mlendo wa pa intaneti amakupatsani ganizo, koma sangalowe m'kalasi mwanu n'kuona kuti ana a kumbuyo sakuona zimene zili pa khoma, kapena kuti tabuleti ikumagwidwa ndi mwana mmodzi yemweyo pa gulu lililonse. Ganizo lochokera kutali limamera mizu pokhapokha pakhale mnzanu wa pasukulu pomwepo amene mungayese naye limodzi, kuonererana maphunziro, n'kuuzana zoona. Pezani mmodzi yekha. Awiri amene akuyesa chinthu chimodzi sabata imodzi amapita patsogolo kuposa munthu mmodzi amene ali m'magulu khumi.

Woyang'anira Gulu anayankha kuti:

Ine ndakhala ndikuyang'anira gulu la aphunzitsi kwa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ngakhale sindikutsutsa zimene anzanga awiriwa anena, ndikuona kuti m'pofunika kuti wina anene mbali yovuta, chifukwa nkhani ya amayi a masamu ndi yosowa kuposa mmene ingaonekere.

Choyamba, zimene mwaona zakuti anthu ochepa ndi amene amalemba si vuto la magulu anu okha. Jakob Nielsen, mu 2006, anafotokoza chizolowezi chimene chimaoneka m'magulu ambiri a pa intaneti, chakuti pa anthu 100 alionse, pafupifupi 90 amangowerenga, 9 amalemba mwa apo ndi apo, ndipo mmodzi ndiye amalemba zochuluka. Tanthauzo lake n'lakuti khalidwe la gulu lonse limadalira anthu ochepa kwambiri. Akakhala okonda malonda kapena kudzitama, gulu lonse limakhala lotero. Kuyambira mu 2022, gulu la WhatsApp likhoza kukhala ndi anthu 1,024, ndipo la Telegram limafika pa 200,000, koma kukula kumeneku sikuwonjezera kukhulupirirana. M'gulu la anthu chikwi mmene mulinso mphunzitsi wamkulu wa sukulu yanu kapena woyendera sukulu, palibe amene angalembe kuti phunziro lake lalephereka. Aliyense amaonetsa zokongola zokhazokha, ndipo wowerenga amatsala akuganiza kuti iye yekha ndiye akuvutika.

Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chimandipweteka kwambiri, bodza limayenda msanga m'magulu a aphunzitsi chifukwa limabwera litavala bwino. Pali chithunzi chimene ndachichotsa m'gulu lathu kosawerengeka, chonena kuti munthu amakumbukira magawo 10 pa 100 a zimene wawerenga, magawo 20 a zimene wamva, mpaka magawo 90 a zimene wachita. Nthawi zambiri chimalembedwa dzina la Edgar Dale, koma chithunzi chimene Dale anajambula mu 1946 chinalibe manambala amenewo, anawonjezeredwa ndi ena pambuyo pake. N'chimodzimodzinso ndi ganizo lakuti mwana aliyense ali ndi njira yake imodzi yophunzirira, wina ndi maso, wina ndi makutu, wina ndi manja, ndipo kuti tiziwagawa motero. Harold Pashler ndi anzake atapenda kafukufuku wa nkhaniyi mu 2008 sanapeze umboni wokwanira wakuti kuphunzitsa mwana mogwirizana ndi njira yakeyo kumakweza zotsatira zake, koma mapulogalamu ambiri amagulitsidwabe kwa aphunzitsi ndi lonjezo limenelo. Kuyambira pamene ChatGPT inatuluka mu 2022, pawonjezekanso zikonzekero za maphunziro ndi mafunso olembedwa ndi makina amene anthu amatumiza asanawawerenge, ndipo ndapezamo kangapo mayankho olakwika. Fayilo iliyonse yochokera m'gulu muiwerenge ndi maso omwe mumachongera nawo ntchito ya ana.

Chachitatu n'chakuti nyumba imene tikukumanamo si yathu. Ning, tsamba limene anthu amakhazikitsirapo magulu awo a pa intaneti, inasiya kupereka malo aulere mu 2010, Google+ inatsekedwa mu 2019, ndipo Edmodo, imene inayamba mu 2008 ndipo inapangidwira sukulu zenizeni, inatsekedwa mu 2022. Twitter nayo inasintha mwini ndi dzina, ndipo aphunzitsi ambiri amene ankakumana kumeneko anabalalika. Aphunzitsi amene anasunga ntchito yawo ya zaka zambiri m'malo oterewa popanda kukopera kwina anaitaya. Chilichonse chabwino chimene mwapeza kapena kupanga, chisungeni pa kompyuta yanu, muchipatse dzina lomveka, ndipo anthu amene mwaona kuti ndi othandiza mukhale ndi njira ina yowapezera. Pogawana zinthu, yang'ananinso ngati mwini wake analola. Zolembedwa zimene zili ndi chilolezo cha Creative Commons zimanena poyera chimene mungachite nazo, pamene buku lojambulidwa lonse n'kutumizidwa m'gulu ndi kulakwira mwini wake.

Chomaliza chikukhudza ana. Mukayamba kufotokoza za maphunziro anu monga momwe mwalangizidwira, mudzafuna kuonetsa zithunzi. Musatumize nkhope za ana, mayina awo, kapena makope amene dzina likuoneka, ndipo musafotokoze mwana m'njira yoti wina amuzindikire. Uthenga wa m'gulu umajambulidwa n'kutumizidwa kwina m'kanthawi kochepa, ndipo simungaubwezenso. Kulemba kuti "ana ambiri anayankha motere" n'kokwanira pa cholinga chathu.

Malangizo anga ndi akuti mutuluke m'magulu awiri mwa anayiwo lero lomwe, otsalawo muwatsekere kulira kwa mauthenga, muzimitse kukopera kwa zithunzi ndi makanema kochitika kokha, ndipo musankhe nthawi ziwiri pa sabata zowerengera. Ntchito ya uphunzitsi imalowa kale m'nthawi ya banja kudzera m'kuchonga ndi kukonzekera, ndipo si bwino kuti foni ilande nthawi yotsalayo.

Mphunzitsi wa Sayansi analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndawerenga mayankho anu kangapo, ndipo funso lija lakuti kodi ana analemba kaye zimene akuyembekezera landikhudza inenso, chifukwa tsiku la kanema lija sindinawafunse kalikonse mpaka kanemayo atatha.

Ndatuluka m'magulu awiri monga mwanenera. M'gulu la pa Facebook ndabwerera m'mbuyo kufufuza amene amalemba zomveka, ndipo ndapeza aphunzitsi atatu a sayansi amene amafotokoza zimene anachita m'kalasi, osati kungoponya malinki. Ndinali ndisanawazindikire chifukwa mauthenga awo ankakwiririka ndi ena. Ndalankhulanso ndi mphunzitsi wachinyamata wa m'gawo lathu, amene ndinkaopa kumufunsa, ndipo wandiuza kuti iyenso amavutika, koma mbali ina: zipangizo sizimuvuta, koma sadziwa kuti ana akasokonezeka awafunse chiyani. Tagwirizana kuti tikonze limodzi phunziro la magetsi ndi PhET, iye adzalowe m'kalasi mwanga, inenso ndidzalowe mwake.

Ndatsala ndi funso limodzi la mmene ndingachitire. Matabuleti ndi 20 ndipo ana ndi 60. Kodi ndiwagawe atatuatatu kuyambira pachiyambi, kapena ndiyambe ndi pulojekita yokha kuti ndisasokonezeke ndi zinthu zambiri nthawi imodzi? Ndipo pokalemba m'gulu, kodi ndidikire kaye phunzirolo lichitike, kapena ndifunse tsopano ndisanaphunzitse?

Mayi wa Masamu anayankhanso kuti:

Aphunzitsi, funso limeneli ndilo mtundu umene ndinkanena, ndipo mukalilemba chonchi kwa aphunzitsi atatu aja ndikukhulupirira kuti adzakuyankhani. Lembani tsopano musanaphunzitse, muikemo chikonzekero chanu mwachidule ndi ganizo lolakwika la babu lija, kenako mudzalembenso phunziro likachitika pansi pa uthenga womwewo, kuti wowerenga aone nkhani yonse pamalo amodzi.

Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndi pulojekita yokha pa phunziro loyamba. Lumikizani zonse nthawi yopuma ana asanalowe, ndipo pulogalamuyo ikhale yotsegula kale. Jambulani pa bolodi batire limodzi ndi mababu awiri olumikizidwa motsatizana, mufunse kuti ndi babu iti idzawale kwambiri, aliyense alembe yankho ndi chifukwa chake, muwerenge manja a mbali iliyonse, kenako muitane mwana mmodzi wa mbali imene ili ndi anthu ambiri kuti adzalumikize yekha pa laputopu ndi kuyeza. Matabuleti adzalowe pa phunziro lachiwiri, ana atadziwa kale maonekedwe a pulogalamuyo. Pamenepo agaweni atatuatatu ndipo aliyense akhale ndi ntchito yake, wina wogwira tabuleti, wina wolemba zimene gulu likuyembekezera ndi zimene lapeza, wina wofotokozera kalasi, ndipo azisinthana pa funso lililonse kuti tabuleti isakhale m'manja mwa mmodzi. Madzulo a tsiku loti mawa lake ndi phunziro lachiwirilo mutsimikize kuti matabuleti onse 20 ali ndi moto ndipo pulogalamuyo ikutseguka popanda intaneti.

Mnzanu wachinyamatayo akadzalowa m'kalasi mwanu, mumupemphe kuti asayang'ane inu koma akhale kumbuyo n'kumalemba mawu enieni amene ana akunena pokambirana. Ngati muli ndi mabatire, mawaya ndi mababu enieni, ngakhale okwanira gulu limodzi lokha, muwaike pa tebulo kuti gulu limene lamaliza msanga likayese ngati zimene laona pa tabuleti zikuchitikadi.